Tikufuna kumanga chikumbutso cha anzathu omwe adapita ndi mliri. Tiyambire pati?

Funso: Ndine mlembi wa komiti yomwe anthu a m'dera lathu adasankha kuti imange chikumbutso cha anzathu omwe adamwalira ndi Covid-19. Nanenso ndidataya amuna anga mu 2021, ndipo sindidaloledwe n'kuwaona nkhope komwe. Tasonkha ndalama pang'ono, khonsolo yati ingatipatse malo, ndipo mmisiri watijambulira kale chipilala chachitali. Koma msonkhano uliwonse umathera m'kukangana. Ena akufuna maina onse alembedwe, ena akukana ati chifukwa ambiri sadayezedwe, ena akuti tingodzala mitengo basi. Palinso wandale wina yemwe walonjeza kulipira zonse bola dzina lake lidzaoneke pachipilalapo. Tiyambire pati?

Yankho: Mayi, choyamba pepani ndi imfa ya bambo a kunyumba. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, makamaka chilonda cha munthu yemwe sadapatsidwe mpata wotsanzikana ndi wake. Pa zonse mwalembazi, chomwe chandigwira mtima ndi chija mwati simudawaone nkhope. Alipo ambiri onga inu, omwe adangouzidwa pafoni, omwe adaima patali bokosi likutsitsidwa ndi anthu ovala zobisa nkhope, omwe adalira okha m'nyumba popanda wodzawakhuza. Chikumbutso chanucho ntchito yake yaikulu ndi kubwezera anthu amenewa maliro omwe mliri udawalanda. Chilichonse chomwe mungasankhe, muzichiyesa ndi muyeso umenewu.

Chojambula cha mmisiri chija chipindeni bwinobwino, muchiike m'kabati, chiyambe chagona miyezi itatu kapena inayi. Sindikunyoza luso lake ayi. Vuto n'lakuti komiti ikangoona chojambula chokongola, nkhani yonse imasanduka ya kutalika kwa chipilala ndi mtundu wa utoto, mafunso ovuta aja n'kukankhidwira kumapeto, simenti itauma kale. Pa ntchito yanga yosamalira mbiri ndi malo achikumbutso ndakhala m'makomiti otere kangapo, ndipo kukangana kwanuko sikukundiopsa. Anthu akukangana chifukwa nkhaniyi ndi yawo. Komiti yomwe imandidetsa nkhawa ndi ija aliyense amangovomera ndi mutu, msonkhano n'kutha mipando isadafunde n'komwe.

Mwachita bwino kuyamba panopa, chifukwa mliri suchedwa kuiwalika. Chimfine cha 1918 chidapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, kuposa omwe adafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse yomwe idatha chaka chomwecho. Koma mukayenda m'mizinda ya ku Ulaya, zipilala za asilikali zili ponseponse, pomwe za chimfinecho n'zosowa zedi. Ku Barre, m'chigawo cha Vermont ku America, benchi yamwala yokumbukira omwe adafa nacho idaikidwa mu 2018, patapita zaka 100, pafupifupi onse owadziwa nkhope atapita kale. Nkhondo ili ndi mdani womuloza chala, ili ndi ngwazi zake, ili ndi tsiku lomwe idatha. Mliri umalowa m'nyumba mwakachetechete n'kuchoka osatsanzika, ndipo opulumuka amangofuna kupukusa mutu n'kubwerera ku ntchito zawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma ndi angati akulikumbukira tsikulo?

Tibwere ku maina, poti mpomwe pagona funso lanu. Ine ndili kumbali ya ofuna maina. Komabe aja akukanawo ali ndi mfundo yoti musaipeputse. Kuyambira Januwale 2020 mpaka Disembala 2021, maiko adapereka malipoti a imfa za Covid-19 pafupifupi 5.4 miliyoni. WHO itawerengera anthu omwe adamwalira mopitirira mmene zimakhalira pa zaka zopanda mliri, idapeza 14.9 miliyoni. Ndiye kuti pa anthu atatu alionse omwe nyengo ija idawatenga, pafupifupi awiri sadalembedwe paliponse kuti adafa ndi matendawa. Ena adafera kunyumba osayezedwa. Ena adafa ndi shuga, mtima kapena khansa chifukwa zipatala zidali zodzaza, kapena ankaopa kupitako. Mukanena kuti tilemba okhawo ali ndi chikalata cha kuchipatala, mwasankha kale, mosazindikira, kukumbukira omwe adali ndi mwayi wofika kwa dokotala n'kuyezedwa. Osauka, okalamba ndi okhala kutali ndi chipatala mwawataya kachiwiri.

Komiti yanu si khoti, komanso si ofesi yowerengera imfa. Ntchito yofufuza chomwe chidapha munthu isiyireni eni ake. Banja likabwera n'kunena kuti m'bale wathu adatisiya m'nyengo ija ndipo ife tikuona kuti ndi mliri udamutenga, dzinalo lilandireni. Kuti izi zitheke, mawu a pamwamba pa chikumbutso akhale otambasuka. Musalembe kuti "Omwe adafa ndi Covid-19". Lembani kuti "Omwe tidawataya m'nyengo ya mliri wa Covid-19", zaka n'kuzitchula. Mudzadabwa kuona mmene kusintha kwakung'onoku kumazizitsira mitima pamsonkhano. Mayi yemwe adamwalira pochira chifukwa galimoto ya chipatala idali kothamangira odwala ena, akwana pansi pa mawu amenewa popanda wina kunena bodza.

Gwirizananinso msanga kuti "wa dera lino" ndani. Kodi wobadwira kuno koma adafera kutali komwe ankagwira ntchito alowa? Nanga namwino yemwe ankakhala kwina koma adatengera matendawa pachipatala chanu? Nanga mlendo yemwe adangokhala nanu chaka chimodzi? Ine onsewa ndikadawalandira. Koma chachikulu n'chakuti lamulolo mulikhazikitse ndi kulilemba m'maminitsi musadayambe kulandira maina, kuti pasadzapezeke wonena kuti mudalipangira m'bale wa uje.

Musapite kuchipatala kukapempha kaundula wa omwalira. Zolemba za odwala n'zachinsinsi, m'maiko ambiri malamulo amaletsa kuzitulutsa chisawawa, ndipo ngakhale atakupatsani, si bwino kuti munthu adzangodzidzimuka ataona dzina la mayi ake pakhoma. Maina abwere ndi mabanja okha. Ena adzakana, ndipo zifukwa zawo n'zambiri: adasalidwa nthawi ija ndipo bala likadali laliwisi, sakhulupirira kuti m'bale wawo adafa ndi matendawa, kapena chipembedzo chawo sichilola. Musawaumirize. Pena banja lomwelo lidzagawanika, mkazi wamasiye akufuna, abale a mwamuna akukana. Pamenepo komiti isasanduke nkhoswe. Auzeni kuti malo a dzinalo akusungidwa, adzabwere akadzamvana, kaya ndi chaka chamawa.

Ku London adapeza njira yomwe ine imandikomera kwambiri. Pa 29 Malichi 2021, ofedwa ndi anthu ena ongodzipereka adayamba kujambula mitima yofiira pakhoma la m'mbali mwa mtsinje wa Thames, pafupi ndi chipatala cha St Thomas', moyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo. M'masiku ochepa adajambula mitima pafupifupi 150,000, mtima umodzi munthu mmodzi, pakhoma lotalika ngati theka la kilomita. Mitimayo adaisiya yopanda kanthu m'kati. Wofedwa amabwera yekha, n'kusankha mtima, n'kulembamo dzina ndi dzanja lake. Yemwe sakufuna dzina salemba, komabe m'bale wake wawerengedwa. Nanunso mutha kutero: chizindikiro chimodzi pa munthu aliyense yemwe mukudziwa kuti adapita, kaya ndi njerwa, kaya ndi kamwala kosalala, dzina n'kumalowa pokhapokha eni ake atafuna.

Tsopano ndikuuzeni cholakwa changa, kuti inu musadzachibwereze. Komiti ina yomwe ndidakhalamo idazokotetsa maina pamwala. Tsiku lotsegulira, gogo wina adafika ndi mdzukulu wake. Maso adali atayamba kufooka, ndiye ankayendetsa chala pamwalapo mzere ndi mzere, mdzukuluyo akuwawerengera. Atafika pa dzina la mwana wawo, chala chidaima. Mdzukulu adawerenganso kachiwiri, pang'onopang'ono. Gogoyo sadakalipe. Adangoti, "Ameneyu si mwana wanga," n'kukakhala pansi pamthunzi. Chilembo chimodzi chokha, R pomwe pamayenera kukhala L, ndipo dzina la bambo lidali litasinthana malo ndi dzina loyamba. Mmisiri sadalakwe, adazokota zomwe tidamupatsa. Ife ndife tidamvera dzinalo pafoni, wina n'kulilemba pamanja, wina n'kulitaipa, popanda wobwerera kubanja kukafunsa. Tidakonza patapita miyezi, koma chigambacho chimaoneka mpaka lero, ndipo ndikadutsapo maso anga amathamangira pomwepo.

Choncho konzani fomu yaifupi yoti banja lilembe lokha dzina m'zilembo zikuluzikulu. Mukataipa, sindikizani mndandanda wonse mmene udzaonekere pamwala, muupachike poonekera kwa mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo banja lililonse lisaine pambali pa dzina lake. Funsaninso ngati akufuna dzina la pachiphaso kapena lomwe munthuyo ankadziwika nalo, pakuti alipo anthu omwe dzina lawo la m'mabuku ngakhale oyandikana nawo nyumba sakulidziwa. Zolakwika zotere sizisankha komiti yaing'ono. Ngakhale pakhoma lotchuka la ku Washington, lokumbukira asilikali a America omwe adafa pa nkhondo ya ku Vietnam, pali maina olembedwa molakwika, ndipo ena mwa olembedwapo adadzapezeka kuti ali moyo.

Khoma limenelo lili ndi phunziro linanso, la kasanjidwe ka maina. Adalikonza ndi Maya Lin, ali mtsikana wa zaka 21 wophunzira pa yunivesite ya Yale, ndipo lidatsegulidwa mu 1982 lili ndi maina 57,939. Ambiri ankafuna maina asanjidwe motsata alifabeti. Iye adakana, ndipo iwo atayang'ana mndandanda adaona kuti mtsikanayo adali ndi mfundo: a dzina la Smith okha adali oposa 600, khomalo likadaoneka ngati buku la manambala a foni. Adawasanja motsata tsiku lomwe munthu adagwa, kotero msilikali wopulumuka amapeza anzake omwe adafa tsiku limodzi ali pamodzi. Ku New York, pa chikumbutso cha omwe adafa pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, pomwe zigawenga zidagwetsa nyumba ziwiri zosanja, adafunsa mabanja kuti mukufuna dzina la m'bale wanu liyandikane ndi la yani, ndipo ogwira ntchito limodzi, mabwenzi ndi apabanja adaikidwa moyandikana. Kwa dera ngati lanu, ine ndikadatsata mwezi ndi chaka, kuti woyenda m'mbali mwa khoma aone ndi maso ake miyezi ija maliro adachulukana, koma a banja limodzi ndikadawaika pamodzi. Mwamuna ndi mkazi omwe adatsatizana m'sabata imodzi musawalekanitse chifukwa cha kalendala.

Zilembo zikhale zofanana kukula, ndipo maudindo asakhalepo. Pano mudzalimbana, ndikuuziranitu. Padzabwera banja lofuna kuti kutsogolo kwa dzina kukhale Dokotala, Abusa kapena Olemekezeka. Mukalola mmodzi, khoma lasanduka bwalo la mipando, apamwamba kutsogolo, ena kumbuyo. Ogwira ntchito zachipatala atha kupatsidwa mzere wawo wowathokoza, koma mzerewo usaiwale okolopa m'mawodi, oyendetsa ambulansi, osamalira mitembo ndi okumba manda, omwe adagwira zomwe ena tonse tinkaopa kuzikhudza. Ndipo siyani malo opanda kanthu okwanira ndithu. Khoma la ku Washington lija lakhala likuonjezeredwa maina mpaka kupitirira 58,000, ndipo ku New York mu 2019 adachita kuonjezera malo ena okumbukira omwe adadwala n'kumwalira pambuyo pake chifukwa cha fumbi la pamalopo. Kwanunso alipo omwe mliri udawasiya ndi mapapo ofooka, ndipo mabanja omwe akukana lero ena adzasintha maganizo.

Maina akakhala m'manja, m'pomwe mungatulutse chojambula chija m'kabati. Ndikukayika ngati mudzachikondebe. Chipilala chachitali munthu amachiyang'ana khosi lili chagada, n'kujambulitsa, n'kumapita. Wofedwa amafuna kukhudza. Pitani pa chikumbutso chilichonse chokhala ndi maina, mudzaona anthu akusisita zilembo ndi zala ngati akupukuta nkhope ya mwana. Ndiye maina akhale pofika dzanja, la mwana ngakhalenso la munthu wa panjinga ya olumala, njira yofikirapo ikhale yopanda masitepe, pakhale benchi ndi mthunzi woti munthu akhale n'kulira osaonedwa ndi msewu wonse. Mwala wa granite umapirira dzuwa ndi mvula, bola zilembo azizokote mozama. Mwala wofewa zilembo zake zimafufutika pakapita zaka. Mkuwa ndi wokongola koma umakopa akuba ogulitsa zitsulo. Ngati thumba lili lopepuka, khoma la njerwa lomangidwa bwino, lokhala ndi timiyala ta maina tomata patokhapatokha, ndi labwino kuposa mwala umodzi waukulu, chifukwa kamodzi kakalakwika kapena kusweka mumangochotsa komweko.

A mitengo aja musawagonjetse, aphatikizeni. Ku Bergamo ku Italy, mzinda womwe dziko lonse lidaona magalimoto a asilikali akutulutsa mabokosi a maliro usiku wa pa 18 Malichi 2020, adadzala nkhalango yachikumbutso pafupi ndi chipatala chachikulu cha mzindawo, ndipo adaitsegulira pa 18 Malichi 2021. Ku London, m'paki ya Queen Elizabeth Olympic, adadzala mitengo yamaluwa 33, kuimira zigawo za mzindawo. Chenjezo langa ndi limodzi: musapatse mtengo uliwonse dzina la munthu. Pa mbande zomwe mungadzale, zina zidzauma, zina zidzadyedwa ndi chiswe kapena ziweto, zina ana adzathyola. Mtengo wa amuna anu ukadzauma pomwe wa oyandikana nawo ukuphuka, mudzalira maliro achiwiri opanda chifukwa. Nkhalango ikhale ya onse. Sankhani mitengo yomwe imamera yokha m'dera lanulo, yosafuna kunyengerera, ndipo mudziwiretu yemwe azidzathirira zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira.

Za malo ndinena mwachidule. Pakati pa mphambano ya misewu pamaoneka bwino pachithunzi, koma palibe gogo angawoloke magalimoto kukakhala pamenepo. M'bwalo la tchalitchi kapena mzikiti, a chipembedzo china adzamva ngati alendo. Kumanda anthu ambiri sapitako wamba. Pachipata cha chipatala, ganizirani wodwala yemwe akulowa ali ndi mantha, komanso ofedwa omwe mpaka lero amazungulira njira kuti asadutse pamenepo. Funani malo omwe anthu amadutsa tsiku ndi tsiku koma pali kangodya kabata. Ku Vienna, chipilala chokumbukira mliri wa 1679 chili pamsewu wa Graben, pakati penipeni pa mzinda pomwe anthu amapita uku ndi uku, ndipo mu 2020 anthu adayamba kuyatsa makandulo patsinde pake, patatha zaka zoposa 300. Chikadakhala kuseri kwa mzinda, ndani akadachikumbukira? Malo mukawapeza, kayendereni m'mawa, masana, usiku, komanso mvula itagwa kuti muone komwe madzi amadikha. Ndipo mawu a khonsolo akuti "tingakupatseni" asanduke pepala losainidwa, lonena malire, mwini malo, ndi kuti palibe msewu kapena mapaipi omwe akonzedwa kudzadutsa pamenepo. Makhansala amasintha, ndipo wobwerayo sadzadziwa zomwe mnzake adalonjeza pakamwa.

Nanga wandale uja? Walira mvula walira matope. Thandizo lake silodetsedwa, koma libwere mwa njira yanu. Ndalamazo zilowe ku akaunti ya komiti monga za wina aliyense, alandire lisiti, dzina lake lilembedwe m'buku la othandiza pamodzi ndi la mayi yemwe adapereka kangachepe. Pakhoma la omwalira pasakhale dzina la munthu wamoyo, kaya ndi wandale, kaya ndi kampani, kaya ndi inu a komiti. Tsiku lotsegulira lisayandikane ndi chisankho, ndipo wochotsa nsalu akhale mmodzi wa ofedwa. Akavomera zimenezi, ndi munthu wabwino, mulandireni ndi manja awiri. Akakana, mwadziwa chomwe amagula, ndipo kuli bwino mumange chaching'ono chomwe achipani chilichonse angaimepo osachita manyazi. Akaunti yomweyo ikhale ya osainira atatu, ndipo lipoti la ndalama lizipachikidwa poyera mwezi ndi mwezi. Ndalama za maliro zikangoyamba kunong'onedwa, ntchito yonse yafa.

Mbali inayo mudzakumananso ndi ofedwa okwiya, ofuna kuti pamwala palembedwe kuti anthuwa adafa chifukwa cha kusasamala kwa akuluakulu. Mkwiyo wawo musaunyoze, ena ali ndi zifukwa zomveka. Aja a ku London sadasankhe mwangozi khoma loyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo. Koma ine ndimaona kuti mwala sutha kusenza mlandu, monganso sutha kusenza matamando. Mawu a pamwala akhale ochepa: anthuwa ndani, zaka ziti, ndi chiganizo chimodzi chomwe wachipembedzo chilichonse, ngakhale wopanda chipembedzo, angachiwerenge n'kuvomera, m'zilankhulo zomwe anthu a m'deralo amalankhula. Zina zonse, kusowa kwa mpweya m'zipatala, mizere ya odwala, mphekesera za katemera, kulimba mtima kwa anamwino, zilowe m'buku la mbiri mmene eni ake akuzinenera. Jambulani mawu a ofedwa omwe akufuna kulankhula, muwalembe papepala, kope lina mukasungitse kulaibulale kapena kosungira zakale. Tsamba la pa intaneti ndi labwino, makamaka kwa abale okhala kutali, koma limafa tsiku lomwe wolipirira waiwala kulipira.

Funso lomwe makomiti ambiri salifunsa ndi ili: pakadzapita zaka khumi, adzasesa ndani? Kumanga kumakoma, kuli zithunzi ndi malankhulidwe. Kuzula udzu kulibe womuombera m'manja. Ndaona zikumbutso zomwe zidatsegulidwa ndi nyimbo, lero pali tchire, benchi idathyoka, pakhoma amamatapo zotsatsa malonda. Kwa wofedwa, chikumbutso chonyalanyazidwa chimapweteka kuposa kusakhala nacho. Mitima ya ku London ija poyamba adaijambula ndi zolembera zomwe utoto wake udayamba kufwifwa ndi dzuwa ndi mvula. Khomalo likadalipo lero chifukwa kagulu ka anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo ofedwa, kamapitako sabata ndi sabata kukapakanso utoto wolimba mtima umodziumodzi ndi kubwezeretsa maina ofufutika. Ine ndimalangiza kuti pa ndalama khumi zilizonse zomwe mwasonkha, imodzi kapena ziwiri musazikhudze, zikhale za chisamaliro, ngakhale zitatanthauza kuchepetsa khoma. Ndipo mgwirizano wanu ndi khonsolo unene mosabisa kuti zinyalala achotsa ndani, nyale ikafa agula ndani, wina akalembalemba pakhoma afufuta ndani. Komiti yanu idzakalamba, ena adzasamuka. Lowetsanimo achinyamata panopa, makamaka ana a omwalirawo.

Chomwe chimasunga malo otere kuposa ndalama ndi tsiku. Ku Venice, mliri wa 1630 mpaka 1631 udapha pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse. Mzindawo udamanga tchalitchi cha Santa Maria della Salute, chomwe chidapatulidwa mu 1687, ndipo mpaka lero pa 21 Novembala chaka chilichonse amayala mlatho wongoyembekezera pamadzi kuti anthu awolokere kumeneko. Ku Eyam, mudzi waung'ono wa ku England womwe udadzitsekera wokha mu 1666 kuti mliri usafalikire kwa oyandikana nawo, anthu pafupifupi 260 adamwalira. Kumeneko kulibe chipilala chachitali. Pali zikwangwani pakhomo pa nyumba zakale zotchula omwe adafera m'menemo, pali manda a banja la Hancock pomwe mayi mmodzi adaika mwamuna wake ndi ana asanu ndi mmodzi m'masiku asanu ndi atatu, ndipo Lamulungu lomaliza la Ogasiti amasonkhana panja kupemphera. Sankhani tsiku lanu, lomwe lili ndi tanthauzo kwa anthu a kwanuko, mwina lomwe mudaika munthu woyamba. Pa tsikulo malankhulidwe achepe. Werengani maina onse mokweza, limodzilimodzi, ngakhale zitatenga maola awiri, ndipo owerenga azisinthana.

Musadikirenso kuti khoma lithe ndiye muyambe. Zina mwa zikumbutso zomwe zidagwedeza anthu kwambiri zidali zosakhalitsa. Mu Sepitembala 2021, mayi wina wa zaluso, Suzanne Brennan Firstenberg, adazika timbendera toyera toposa 600,000 pabwalo la National Mall ku Washington, kamodzi pa munthu aliyense yemwe adamwalira ndi Covid-19 ku America, ndipo patatha masabata awiri adatizula. Pabwalo lomwelo, mu Okutobala 1987, adayala koyamba chinsalu chokumbukira omwe adafa ndi Edzi, cha zigamba 1,920, chigamba chilichonse kukula kwake ngati manda a munthu, chosokedwa ndi abale ndi mabwenzi nthawi yomwe ambiri ankachita manyazi kutchula matendawo. Lero zigambazo zafika pafupifupi 50,000. Chaka chino chomwe, pamalo omwe khonsolo ikunenawo, chitani chinthu chotere chosalira ndalama zambiri. Mudzaona ngati anthu akufikapo mosavuta, mudzamva zomwe akufuna, ndipo mabanja omwe amakayika adzabwera ndi maina ataona anzawo.

Inuyo Mayi, dzisamaleni. Mlembi ndi amene adzalandire mafomu onsewa, ndipo aliyense wobweretsa fomu adzafuna kukhala pansi n'kufotokoza mmene zidayendera, kuyambira tsiku lomwe chifuwa chidayamba. Inu muli ndi chilonda chanu. Musalandire nokha, khalani awiriawiri, ndipo tsiku lomwe mtima walemera, nenani kuti lero sinditha.

Pamsonkhano ukubwerawu, musatenge chojambula. Gulani kope lalikulu la chikuto cholimba, mulembe pamwamba pa tsamba lililonse dzina, mwezi ndi chaka, wobweretsa dzinalo, ndi mzere umodzi wonena chomwe munthuyo ankakonda kapena ankadziwika nacho. Muliike patebulo, cholembera pambali. Padzakhala chete kanthawi, aliyense akuyang'ana mnzake kuti ayambe ndani. Yambani inuyo, ndi dzina la amuna anu, mmene iwo ankalilembera.